Mafunso ndi mayankho: kusankha klatchi yamphamvu ya galimoto yoyendera tsiku ndi tsiku

Ambiri ofunsa za klatchi yamphamvu amabwera ndi nkhani yofanana. Galimoto anaichititsa remap (kusintha pulogalamu ya kompyuta ya injini kuti ipereke mphamvu zambiri), kapena anasintha turbo ndi ekizozi. Mwezi woyamba kunali kukondwa kokhakokha. Kenaka tsiku lina akupitirira thiraki pa chitunda, injini inalira kwambiri koma liwiro osawonjezeka. Mayankho ali pansipa ndi a anthu otere: galimoto ndi ya manyuwo, mphamvu anaiwonjezera, koma ndi yomweyo yopitira kuntchito, yokatulira ana kusukulu ndi yopitira kumudzi. Ya mpikisano yokhayokha, yofika pabwalo itakwezedwa pa ngolo, ili ndi nkhani yakeyake.

Ndingadziwe bwanji kuti klatchi ikutereradi?

Pezani msewu wopanda anthu ambiri, wokwera pang'ono. Ikani giya 4 kapena 5, injini ili cha m'ma 2,000 rpm (kuzungulira kwa injini pa mphindi imodzi), n'kuponda moto mpaka pansi. Muvi wa rpm ukathamanga wa liwiro n'kutsalira, klatchi ikuterera. Imayamba kuterera m'magiya apamwamba, osati pa giya 1, chifukwa kumeneko ndi kumene injini imakankha ndi mphamvu zake zonse matayala akukana kufulumira.

Musanaitanitse chilichonse, makaniko aone zinthu ziwiri. Choyamba ndi oyilo: oil seal ya kumbuyo kwa injini kapena ya kutsogolo kwa giyabokosi ikamadontha, puleti ya klatchi imanyowa, ndipo ngakhale klatchi yodula chotani idzaterera. Chachiwiri ndi chopondera. Ngati kebulo yamangika kwambiri, kapena kandodo ka master cylinder (kapampu ka fuluwidi kokankhidwa ndi chopondera) kanakokedwa mopitirira, klatchi imakhala ngati mwaiponda pang'ono nthawi zonse. Zimenezi amakonza ndi sipanala, osati ndi madola.

Injini yanga ili ndi horsepower yakutiyakuti. Ndigule klatchi iti?

Klatchi sidziwa horsepower. Chimene imalimbana nacho ndi torque, mphamvu yopotokola imene injini imazunguzira shafiti, yoyezedwa mu Nm. Injini yaing'ono ya petulo yopanda turbo, monga ya Toyota RunX RSi, imapeza mphamvu zake pozungulira mofulumira kwambiri, koma torque yake safika pa 200 Nm. Mutha kuisintha ekizozi ndi zina, klatchi yake yakufakitale osadandaula. Injini ya turbo ndiye ina. Golf 7 GTI inatuluka ndi 350 Nm, ndipo remap yokha, osamasula bawuti ngakhale imodzi, imaikweza kupitirira 400 Nm, yonseyo ikubwera injini isanakwere n'komwe. N'chifukwa chake eni ma GTI a manyuwo ambiri amapezeka kwa makaniko remap itangopita kumene.

Ndiye nambala yofunika ndi torque imene muli nayo panopa. Amene anakuchitirani remap akuuzeni, makamaka ngati anayeza pa dyno, makina oyezera mphamvu ya galimoto. Pamwamba pake onjezerani 20 pa 100 iliyonse kuti klatchi isamagwire ntchito ili kumapeto kwa mphamvu zake. Tiyerekeze muli pa 430 Nm: funani yolembedwa cha m'ma 500 mpaka 520 Nm. Ya 800 Nm siikupatsani kanthu kena kupatula bondo lowawa.

Samalani pa zinthu ziwiri powerenga manambalawa. Makampani a ku America amalemba mu lb-ft. Chulukitsani ndi 1.36 kuti mupeze Nm, kotero 400 lb-ft ndi pafupifupi 540 Nm. Komanso dyno nthawi zambiri imayeza pa matayala, pomwe mphamvu ina yatayika kale m'giyabokosi ndi mu difu, pomwe klatchi imamva torque yonse ya pa injini. Funsani wogulitsa ngati nambala yakeyo ndi ya pa injini kapena ya pa matayala. Safunsa anadya phula.

Nanga Stage 1, Stage 2, Stage 3 zimatanthauza chiyani?

Ndi mawu amene opanga amalemba pa maklatchi amphamvu, ndipo zimatanthauza chimene wopanga aliyense wafuna. Palibe bungwe limene linakhazikitsa muyezo wake. Stage 2 ya kampani ina ndi puleti yofewa bwinobwino, ya kampani ina ndi ya mabatani. Ndiponso Stage 2 ya remap ndi Stage 2 ya klatchi sizili pa ubale uliwonse, zangofanana dzina. Dumphani mawu amenewa, muwerenge zinthu zitatu: torque imene imagwira, chimene anapangira nkhope ya puleti, ndi ngati puletiyo ili ndi masipiringi pakati.

Kodi klatchi yamphamvu imasiyana pati ndi wamba?

Klatchi ndi puleti yopanikizidwa pakati pa flywheel (gudumu lolemera lachitsulo la kumbuyo kwa injini) ndi pressure plate (chitsulo cha masipiringi chimene chimaipanikiza). Kuti igwire torque yambiri pali njira zochepa chabe: kuipanikiza kwambiri, kuipanga ndi zinthu zogwira kwambiri, kuikulitsa, kapena kuika mapuleti awiri. Kukulitsa sikutheka kawirikawiri chifukwa malo m'kati mwa giyabokosi ndi omwewo. Njira zitatu zotsalazo iliyonse ili ndi mtengo wake. Kupanikiza kwambiri kumalimbitsa chopondera. Zinthu zogwira kwambiri zimachotsa kufewa ponyamuka. Mapuleti awiri amapweteka thumba. Kusankha klatchi n'kusankha kuti mwa zitatuzi mungapirire chiti, m'mawa uliwonse, kwa zaka zingapo.

Organic, Kevlar, ceramic: yoyenera ine ndi iti?

Organic ndi mtundu umene galimoto yanu inabwera nawo: ulusi ndi timawaya tamkuwa zomatidwa ndi utomoni. Imagwira pang'onopang'ono, imalola hafu klatchi, siidya flywheel, ndipo mukaitenthetsa pang'ono imabwerera mwakale ikazizira. Ilipo ya organic yolimbitsidwa, yopirira kutentha kuposa yakufakitale. Imeneyi pamodzi ndi pressure plate yopanikiza kwambiri imakwanira magalimoto ambiri amene angochititsidwa remap, ekizozi ndi intercooler (choziziritsa mpweya wochokera ku turbo). Kwa munthu woyenda tsiku ndi tsiku, poyambira ndi pamenepa, ndipo ambiri safunika kupitirira.

Kevlar imakhalitsa ndipo ndi yofewa poyendetsa, koma ili ndi khalidwe. Imafuna flywheel yosalala bwino, imatenga nthawi yaitali kuti ikhazikike, ndipo mukaipsereza kamodzi nkhope yake imanyezimira ngati galasi, osabwereranso. Payokha siigwira kuposa organic, imadalira pressure plate yolimba. Munthu wodekha imamutumikira zaka zambiri. Wokonda kunyamuka molilitsa matayala pa maloboti asaiyandikire.

Ceramic, kunena zoona, ndi ufa wa mkuwa ndi zitsulo zina wowotchedwa n'kuumbidwa. Kutentha siiopa, torque imagwira yambiri, koma imagwira mwadzidzidzi ndipo imadya flywheel ndi pressure plate. Pali ena opanga puleti ya nkhope ziwiri, mbali ina organic mbali ina ceramic. Ndi njira yapakati yabwino kwa amene torque yake yapitirira pang'ono malire a organic.

Anzanga akuti klatchi yeniyeni ndi ya mabatani. Akunama?

Sakunama, koma afunseni kumene amayenda. Ya mabatani, imene ku Joni amaitchula button clutch, ilibe nkhope yozungulira yonse. Ili ndi timapuleti ta ceramic 3, 4 kapena 6 tokhomedwa pa mapiko. Mphamvu yonse ya pressure plate imagwera pa timalo tochepato, ndiye imagwira ngati chingwe cha msampha. Pa mpikisano ndi pamene imakoma: mwasiya chopondera, galimoto yapita.

Vuto lake ndi lakuti ilibe pakati. Puleti wamba ili ndi tizitsulo topindika pakati pa nkhope zake ziwiri, timene timaphwanyika pang'onopang'ono mukamadzutsa phazi. Kufewa konse kwa hafu klatchi kumachokera pamenepo. Ya mabatani nthawi zambiri ilibe tizitsuloti. Imakhala yosiya kapena yogwira, basi. Tsopano iganizireni 5 koloko madzulo pa msewu wa Masauko Chipembere, kuchoka ku Ginnery Corner kulowera ku Limbe, mukusuntha mamita awiri n'kuima, minibasi ikulowererani kumanzere, wa kabaza kumanja. Kapena pa mlatho wa Lilongwe ku Old Town tsiku lolandira malipiro. Mukadzutsa phazi mofatsa galimoto imanjenjemera ngati yagwidwa malungo. Mukadzutsa msanga imalumpha kapena kuzima. Kubwerera m'mbuyo polowa pageti lokwera ndiye chimakhala chionetsero cha ana a aneba.

Ndipo pali chinthu china chimene anzanuwo sanena: m'tawuni ya mabatani siikhalitsa. Inapangidwira kugwira kamodzi n'kamodzi, osati kukwechesedwa kambirimbiri pa tsiku. Mukamaikakamiza hafu klatchi, mabataniwo amakumba mizere pa flywheel, ndipo potsitsanso giyabokosi mumasintha zonse zitatu: puleti, flywheel ndi pressure plate.

Ngati torque yanu yafika poti palibe ya nkhope yonse imene ingaigwire, tengani ya mabatani 6 yokhala ndi masipiringi. Ya 4 ndi ya 3 zisiyireni a pabwalo. Ndipo ngati galimotoyo amayendetsanso mayi a kunyumba kapena bambo a kunyumba, kambiranani kaye musanalipire. Maukwati ena ayesedwapo ndi zinthu zazing'ono kuposa izi.

Masipiringi a pakati pa puleti ndi ofunika motani?

Injini sizungulira mosalala, imakankha modukizadukiza silinda iliyonse ikaphulika. Masipiringiwo amameza kugunda kumeneko kusanafike ku mano a giyabokosi. Puleti yopanda masipiringi ndi yopepuka ndipo magiya amalowa msanga, koma phokoso ndi kugunda konse kumapita ku giyabokosi. Lamulo lake ndi lalifupi: flywheel ikakhala ya chitsulo chimodzi, puleti ikhale ya masipiringi. Ikakhala ya zigawo ziwiri, yotchedwa dual mass, masipiringi ali kale m'kati mwa flywheel, ndipo puleti yake imakhala yopanda, monga anaipangira kufakitale.

Ndiye dual mass flywheel ndiichotse? Amati ndi yosalimba.

Funso ili ndi limene limawonongetsa anthu ndalama zambiri. Dual mass ndi flywheel ya zigawo ziwiri zolumikizidwa ndi masipiringi ataliatali opindika. Kampani ya LuK ya ku Germany inayamba kuipanga mu 1985, ndipo lero ili m'magalimoto ambiri a dizilo ndi a turbo ochokera ku Ulaya. Ndi imene imakulolani kuyenda pa giya 5 injini ili pansi popanda giyabokosi kulira. Imathadi, ndi yodula, ndipo saisikima (kuisema pamwamba kuti isalale) monga amachitira ndi ya chitsulo chimodzi. Torque ikapitirira kwambiri imene anaipangira, masipiringi ake amafika pothera n'kumagunda.

Kusinthira ku ya chitsulo chimodzi kumathetsa nkhawa imeneyo, koma mudzamva kusintha. Galimoto ikaima injini ikulira, giyabokosi imachita phokoso ngati mwaikamo miyala, makamaka mukayatsa eyakoni. Mukaponda klatchi phokosolo limatha. Pa petulo ambiri amazolowera. Pa dizilo ya masilinda anayi, imene imagunda mwamphamvu, kunjenjemerako kumakhala kwakukulu ndipo giyabokosi ndi imene imakumeza. Maganizo anga: ngati mwangochita remap yapakatikati, ikani dual mass yatsopano ndi klatchi yolimbitsidwa yopangidwira dual mass yomweyo. Sachs ndi ena amapanga zoterezi. Chotsani dual mass pokhapokha torque yapitadi patali, ndipo mugule zonse monga seti imodzi, osati flywheel ya uku puleti ya uko.

Nanga flywheel yopepuka?

Siiwonjezera mphamvu ya injini. Imangopangitsa kuti rpm ikwere ndi kutsika msanga, zimene zimakoma pa giya 1 ndi 2. Koma kulemera kwa flywheel ndi kumene kumakuthandizani kunyamuka pa chitunda galimoto itadzaza. Yopepukitsitsa ya aluminiyamu, pamodzi ndi klatchi yogwira mwadzidzidzi, pa makhotolo a msewu wa Golomoti wokwera ku Dedza muli ndi abale anayi ndi matumba a chimanga, mudzaikumbuka yakale ija. Yachitsulo yopepukako pang'ono ndi yokwanira.

Chimodzi chokha ndikuletseni: musapite ndi flywheel yakufakitale kwa osema zitsulo kuti akaichepetse thupi. Zambiri ndi za chitsulo chochita kuthira mu chikombole, ndipo yosemedwa molakwika ikasweka pa 6,000 rpm zidutswa zake zimaboola chikuto cha giyabokosi. Miyendo yanu ili pafupi pomwepo.

Yanga ndi pikapu ya dizilo, ndinaika chip yowonjezera mphamvu ndipo ndimakoka ngolo. Malangizo ndi omwewa?

Ndi omwewa, koma mwa inu kutentha ndiye mdani wamkulu. Hilux 3.0 D-4D inatuluka ndi 343 Nm. Ya 2.8 GD-6 ya kuyambira 2020 ili ndi 500 Nm ikakhala otomatiki, koma injini yomweyo pa manyuwo anaisiya pa 420 Nm. Zimenezi zikuonetseni kuti ngakhale opanga amaiyang'ana mbali ya manyuwo ndi diso lina. Mukaika chip, kenaka matayala aakulu, kenaka katundu, zonse zitatu zimagwera klatchi.

Funani zolembedwa heavy duty, zopangidwira ma 4x4, osati za mpikisano. Zimakhala za nkhope yonse, organic yolimbitsidwa, ndi pressure plate yopanikiza kwambiri koma chopondera chosalimba mopitirira. Pokoka boti kunyanja, m'matope a ku munda kapena pa mchenga mumafunika hafu klatchi, ndiye ya mabatani ndi yolakwika kotheratu. Flywheel ikhale yolemera monga inalili. Ndipo ponyamuka ndi katundu pamalo ovuta, lowetsani low range, giya yotsika ya 4x4, m'malo mopsereza puleti. Giyayo munailipira kale.

Kodi klatchi yamphamvu ingaswe giyabokosi?

Ingathe. Klatchi yakufakitale ili ngati fyuzi: mukachita nkhanza imaterera, n'kupsa yokha, zina zonse n'kupulumuka. Mukaika yosaterera, kugundako kumapita kwa wotsatira pa mzere: mano a giya, difu, ma CV joint, mamauntini a injini. Pa galimoto yokoka ndi matayala onse anayi ndiye zimanyanya chifukwa matayala sazungulira pachabe kuti achepetseko. Eni Subaru WRX zakale za magiya asanu amaidziwa bwino nkhaniyi. Puleti ndi yotchipa kuyerekeza ndi giyabokosi.

Pressure plate yolimbitsitsa nayo ili ndi zake. Nthawi iliyonse mukaponda, mphamvuyo imakankha crankshaft, shafiti yaikulu ya injini, molunjika, ndipo timawashala timene timaigwira kuti isasunthe timadyeka, makamaka poliza injini m'mawa oyilo asanazungulire. Pa injini zina za Mitsubishi 4G63 vutoli linatchuka mpaka kupatsidwa dzina lakuti crank walk. Kunja kwa injini, foloko ya klatchi imapindika, kebulo imatamuka, ndipo pa magalimoto ena chitsulo chogwira chopondera chimang'ambika. Zonsezi ndi zifukwa zosagulira yoposa imene mukufunika.

Ya mapuleti awiri bwanji?

Ndi yankho labwino kwa amene torque yake yawirikiza. Nkhope zogwira zimakhala zinayi m'malo mwa ziwiri, ndiye siifuna kupanikiza koopsa, ndipo ya organic ya mtundu umenewu imayendetseka bwino m'tawuni. Ndi yodula kwambiri, ndipo zina zimachita kaphokoso ka chitsulo mukaponda. Pa remap wamba n'kuphera nyerere ndi nyundo.

Ndigule ya kampani iti, ndipo ndiitanitse bwanji?

Exedy ndi Aisin a ku Japan, Sachs ndi LuK a ku Germany, ndi Valeo ya ku France ndi amene amapangira mafakitale a magalimoto enieniwo. Exedy ndi Sachs ali ndi mitundu yolimbitsidwa. ACT, South Bend ndi Clutch Masters ndi a ku America, Xtreme ndi ya ku Australia ndipo imadziwika pa ma 4x4, OS Giken ya ku Japan ndi ya amphamvu zoopsa. Dzina lokha silikwanira, chifukwa mayina otchukawa ndi amenenso akuba amasindikiza pa makatoni. Mtengo ukatsika modabwitsa, dabwani.

Poitanitsa, kaya ku Johannesburg, ku Dubai kapena ku Japan, musangoti "Subaru Legacy ya 2005". Galimoto ya dzina limodzi yogulitsidwa ku Japan, ku South Africa ndi ku Britain itha kukhala ndi magiyabokosi osiyana. Tumizani nambala ya chasisi, nambala ya mtundu wa injini ndi ya giyabokosi. Ngati yakale yatsitsidwa kale, yezani kukula kwa puleti mu mamilimita, werengani mano a pakati, ndipo jambulani pressure plate, chifukwa ina ndi yokankha, ina ndi yokoka, monga ya Lancer Evolution ndi Subaru zambiri za turbo. Klatchi ndi yolemera. Mukalakwitsa, mwalipira ndege ndi msonkho pachabe, galimoto ili pa majeki ku Biwi kapena ku Ndirande milungu itatu.

Kukhomera nkhope zatsopano pa puleti yakale kumathandiza pa galimoto wamba. Pa yowonjezeredwa mphamvu ayi: masipiringi ndi akale omwe aja, pressure plate ndi yotopa yomwe ija.

Potsitsa giyabokosi ndisinthiretu chiyani?

Ntchito yaikulu ndi kutsitsako, ndiye chilichonse chobisika m'katimo chionedwe tsiku lomwelo. Thrust bearing (beringi yokankha pressure plate mukaponda) pamodzi ndi kaberingi ka pakati pa flywheel zisinthidwe. Oil seal ya kumbuyo kwa injini isinthidwe ngakhale ikungoonetsa chinyezi. Ngati slave cylinder (kasilinda ka fuluwidi kamene kamamasula klatchi) ili m'kati mwa chikuto cha giyabokosi, monga zilili pa magalimoto ambiri atsopano, musaibwezeremo yakale, chifukwa ikadzadontha mudzatsitsanso zonse. Flywheel ya chitsulo chimodzi isikimidwe, ndipo ngati ili ndi kasitepe, wosikimayo asunge kuya kwake, apo ayi pressure plate yodulayo sidzapanikiza mokwanira. Mabawuti a flywheel pa injini zambiri ndi omanga kamodzi, ndipo amangidwe ndi torque wrench, osati ndi paipi ndi mphamvu za anyamata a pagalaja. Girisi pa mano a shafiti akhale wochepa kwambiri; wochuluka amamwazikira pa puleti. Nkhope za flywheel ndi pressure plate zipukutidwe kuchotsa mafuta oteteza dzimbiri. Pomaliza tsitsani fuluwidi yakale, muike yatsopano ya mtundu wolembedwa pa chitsekerero, n'kuchotsa mpweya. Fumbi la klatchi yakale asaliuzire ndi kompuresa, chifukwa mapuleti ena akale ndi ena otchipa ali ndi asibesitosi.

Yanga ndi otomatiki. Zikundikhudza?

Ayi, ngati ndi otomatiki wamba kapena CVT, monga zilili zambiri zochokera ku Japan. DSG ya Volkswagen ili ndi maklatchi awiri oyendetsedwa ndi kompyuta: ya magiya 7 youma inapangidwira 250 Nm, ya magiya 6 yosambira mu oyilo 350 Nm. Kumeneko nkhani imayambira pa pulogalamu ya giyabokosi, ndipo ndi ya tsiku lina.

Ndaika yatsopano. Ndingayambe liti kuponda moto?

Opanga ambiri amati pakadutsa makilomita pafupifupi 800, Kevlar kupitirirapo. Koma akunena makilomita a m'tawuni, oima ndi kunyamuka, chifukwa chimene chimakhazikitsa puleti ndi kuchuluka kwa nthawi zimene yagwira ndi kusiya. Ulendo wa ku Blantyre kuchoka ku Lilongwe ndi makilomita oposa 300, koma magiya mumasintha kangati? Mdipiti wa magalimoto umene mumadana nawo uja ndiwo mankhwala ake. Nthawi imeneyi musakoke ngolo, musanyamuke molilitsa matayala, musapite pa dyno, ndipo ngati remap yanu ili ndi posinthira, ikani pa mphamvu yochepa. Fulumira anadya gaga: puleti yosakhazikika imakhudza flywheel pa timalo tochepa, timaloto timapsa n'kunyezimira, ndipo klatchi ya 550 Nm imayamba kuterera pa 400.

Kafungo pang'ono ndi kunjenjemera pang'ono masiku oyamba si zachilendo, ndipo pamene imagwirira pamasuntha pang'ono ikamakhazikika. Koma magiya akamakana kulowa, makamaka giya 1 ndi livesi, kapena galimoto ikamakwawa mutaponda klatchi mpaka pansi, musadikire makilomita 800. Klatchiyo siikusiya bwino, ndipo amene akulipira ndi ma synchro a m'giyabokosi, timphete tothandiza magiya kulowa mosalala. Bwererani kwa makaniko tsiku lomwelo, ayambe ndi kuchotsa mpweya ndi kuona kandodo ka chopondera asanaganize zotsitsanso giyabokosi.